ANyirongo ndi Ng'oma Imene Sinaoloke Nyanja

Mbiri imene mkulu wa mpingo anawerenga pa maliro a amuna anga inali yaifupi. Anati aYotamu Nyirongo anabadwira m'mudzi womwe uno kufupi ndi Champhira, anabatizidwa, anagwirako ntchito yocheka matabwa ku Chikangawa, anakwatira, anabereka, anadwala chifuwa, atisiya. Bodza panalibe. Koma ng'oma sanaitchule. Ambiri mwa anthu amene anakhala pansi pa mitengo tsiku limenelo anavinapo, kapena anavinitsapo m'bale wawo, pa ng'oma ya aNyirongo, ndipo onse anangoyang'ana pansi. Ine ndinali m'nyumba ndi amayi anzanga, ndipo namfedwa salankhula pa mwambo. Tsopano chaka chatha, chiliza tamanga, alendo abwerera kwawo. Sukulu ndinalekera panjira, koma cholembera ndimatha kugwira. Ndiye ndati ndilembe zimene zinasiyidwa.

Anali munthu wa nsanje. Ndikuyambira pamenepa chifukwa ndikabisa ichi ndiye kuti ndikulemba za munthu wina. Nsanje yawo sinali ya akazi kapena ya ng'ombe. Mnzawo akakolola chimanga chodzaza nkhokwe ankamuyamika ndi mtima woyera, nthawi zina kumubwereka ndi ngolo yomwe. Nsanje yawo inali ya makutu a anthu. Anthu akatchera khutu kwa wina iwo ali pomwepo, nkhope inkagwa, ndipo kunyumba tinkadziwa kuti lero ndiwo zikhala ndi mlandu.

Ine kwathu ndi ku Kasungu, ndipo kuno amanditcha NyaPhiri. Ndinabwera ndili mtsikana, iwo ali kale bambo wa ndevu. Chinthu choyamba chimene anandidzudzula nacho chinali musi. Tinkasinja pa mtondo umodzi ndi mlongo wawo, iwo akusema mpini pakhonde. Anasiya mpini uja, nabwera kudzanena kuti ndikulowa mochedwa, misi iwiri iyenera kuyankhana osati kulimbirana. Anaima pamenepo akuomba m'manja mpaka tinagwirizana. Ndinaganiza kuti makolo andipereka kwa wamisala. Zala zawo sizinkakhala chete. Zinkagunda pa bondo, pa chitseko, pa chishalo cha njinga, pa msana wa mwana wathu Tiwonge akamamugoneka. M'tchalitchi ankazikhalira.

Ng'oma yawo inali ya vimbuza. Kwa osadziwa, vimbuza ndi matenda a mizimu, ndipo wodwalayo amachira povina. Wovina amavutika ngati ng'oma yaikulu sikumupeza pamene ali, ndipo aNyirongo ankadziwa kumupeza. Anthu ankabwera kudzawatenga kuchokera ku Embangweni, ena mpaka kutsidya kwa Zambia. Ankati woimba ng'oma asayang'ane anthu, ayang'ane mapewa a wovina, chifukwa mapewa amanena zimene pakamwa pakubisa. Ankanena zimenezi kawirikawiri. Koma ine amene ndinkakhala kumbali ya amayi oyankha nyimbo ndinkawaona akuba diso, kuona ngati anthu akuwayang'ana.

Chifukwa cha ng'omayo anadulidwa mu mpingo kangapo. Ankabwerera, kukhala kumbuyo miyezi ingapo, kulandiridwanso, kenako wina n'kubwera ndi njinga kuti mkazi wake wagwa, iwo n'kunyamula ng'oma. Tsiku lina anauza akulu a mpingo pamaso kuti adzasiya tsiku limene akuluwo adzasiye kutumiza akazi awo mozemba. Mlandu umenewo unatenga nthawi kuti uzizire.

Ng'oma yaing'ono, yotsatira, ankaimba aLungu, mwamuna wa mlongo wawo uja. Awiriwa ankanyozana kuyambira m'mawa. ANyirongo ankati mlamu wawo amaimba ngati munthu wothamangira kukwera basi. ALungu ankati aNyirongo amaimba ngati akuyembekeza kuti mizimu iwathokoze. Koma wina sankapita kopanda mnzake.

Wailesi anagula ndi malipiro a ku Chikangawa, m'sitolo ya Mmwenye ku boma ku Mzimba. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Sipanapite nthawi yaitali chiTumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya dziko lino. Sananene kanthu pagulu, chifukwa masiku amenewo pakamwa pankatengetsa munthu. Koma m'nyumba anandiuza motsitsa mawu kuti, "Chichewa ndimachimva kale muno, NyaPhiri, chosagulira mabatire." Ndiye anayamba kupotokola kachitsulo kaja, kufunafuna kwina. Anamanga waya kuchokera pa zenera kukafika pamwamba pa mtengo wa bulugamu. Masana a Lamulungu, pochoka ku tchalitchi, wailesi inkagwira maiko akutali, mawu akubwera ndi kupita ngati mphepo.

Kumeneko ndiko anakumana nawo anthu a ku Mali, a ku Gine ndi a ku Senegal. Chizungu ankamvako pang'ono cha kuntchito, ndipo ankandimasulira. Ankati amenewa ndi anthu akuda ngati ife, a kumadzulo kwa Afirika, oimba nyimbo za makolo awo, koma amakwezedwa ndege kukaimba ku Faransa ndi ku Mangalande. Kunali choimbira cha zingwe zambiri, cholira ngati madzi akudontha m'ndowa zosiyanasiyana. Kunali ng'oma zolira mokwera, zothetheka ngati nkhuni zouma. Ndipo nyimbo ikatha kunkamveka phokoso ngati matalala pa malata. Poyamba ndinkayesa kuti wailesi yawonongeka. Iwo anati ndi azungu odzaza nyumba yaikulu, akuomba m'manja.

Phokoso limenelo ndilo linkawadwalitsa. Nyimbo ankaimvetsera ndi mutu wopendeka, zala zikutsatira pa ntchafu, ndipo isanathe ankakhala ataigwira kale. Koma m'manja mukayamba ankawerama, n'kumvetsera mpaka womaliza atasiya, kenako n'kutseka wailesi mwamphamvu. Ankafunsa ngati anthu amenewo anachiritsapo munthu ngakhale mmodzi. Ankati ng'oma yopanda wodwala ndi phokoso chabe. Ankati azungu amaombera m'manja chilichonse chimene chafika pa ndege. Lamulungu lotsatira ankayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa kuti asaphonye.

Nanenso ndinali ndi yanga nsanje, ndisaname. Pakati pa oimbawo panali mayi wina wa mawu okwera, otalika, ngati akuitana munthu ali kuseri kwa phiri. Dzina lake silinkamveka bwino, ndipo ine ndinkangomutcha mkazi mnzanga. Akayamba kuimba, aNyirongo ankakweza dzanja kuti ndikhale chete, ngakhale ndikunena za mwana wodwala. Sopo ankatha m'nyumba, mabatire osatha. Ine ndinkayambitsa nyimbo pa vimbuza ndi pa maukwati, ndipo anthu ankati ndili ndi mawu. Koma sindinaonepo amuna anga akukweza dzanja kuti anthu akhale chete chifukwa ndikuimba ine.

Tsiku lina, powaitana mwa kuno monga bambo a Tiwonge, ndinati, "Awiske Tiwonge, mumutumizire ng'ombe mayi ameneyu abwere, adzathandizeko kutunga madzi."

Anati, "Ameneyu satunga madzi. Amatungiridwa."

"Ndi chifukwa chake ali ndi mpweya wotalika chomwecho."

Anaseka, koma dzanja sanatsitse.

M'zaka zawo zomaliza manja ankanjenjemera ndipo ng'oma anali atasiya. Achinyamata akamaimba pa bwalo, ankakhala pakhonde n'kumapukusa mutu. Akabwera kudzafunsa nzeru, ankawauza zonse mosabisa, kupatula chinthu chimodzi: aliyense wofunsa za chikopa cha mbuzi ankamuthamangitsa. Achinyamatawo sankadziwa chifukwa chake. Ife akale tinkadziwa, ndipo nkhani yake ndi iyi.

Munali mu Juni, chaka chimene Tiwonge anayamba kunyamula ndowa yaikulu. Kunali kuzizira, mitambo yotsika kuchokera ku mapiri a Viphya, kamvula kowaza kosatha. M'mudzi woyandikana nafe munali maliro a mayi wina wachikulire. Masana kunafika galimoto ya boma. Munatsika mzungu wamtali wovala juzi yong'ambika pachigongono, kalaliki wa boma womasulira, ndi tcheyamani wa chipani wa dera lathu, chifukwa mlendo sankayenda m'midzi popanda tcheyamani. Mzunguyo anali ndi makina ojambulira mawu m'bokosi lachikopa. Kalaliki anafotokoza kuti mlendoyu wayenda maiko ambiri a Afirika kujambula nyimbo za makolo, ndipo kulikonse kumene afunsa m'dera lino anthu atchula dzina limodzi.

Ndinaona amuna anga akuyesa kubisa mano. Analephera.

Koma kuno ng'oma siimbidwa maliro ali pafupi. Ngakhale tcheyamani sakanalamula zimenezo. Ndiye aNyirongo anawalowetsa alendowo m'nyumba, natseka chitseko, naigoneka ng'oma pakati pa miyendo. Ng'oma imeneyo anasema ndi bambo awo, ya mlombwa, yakuda chifukwa cha utsi ndi thukuta. Chikopa chinali cha ng'ombe, anakunga ndi bambo awo omwewo, ndipo pakati pake panali phula la nsatsi zosinja limene linkaonjezeredwa pang'onopang'ono zaka zonsezo. Phulalo ndilo linkaipatsa mawu apansi. Amuna anga anangoikhudza ndi nsonga za zala, motsitsa, kuti panja pasamveke. Mbale za pa thandala zinanjenjemera. Mzungu uja anatsika pa mpando, nagwada, naika dzanja lake pa thupi la ng'omayo, nakhala choncho mpaka anasiya.

Anagwirizana kuti alendowo apitirire ku Chikangawa, adzadutsenso kumapeto kwa sabata maliro atatha. Zikanathera pamenepo, bwenzi ndikulemba mbiri ina. Koma mzunguyo anafuna kubweza ulemu. Anatsegula makina ake, natenga chovala cha m'makutu chonga zipande ziwiri zolumikizidwa, nawaveka aNyirongo kuti amve zimene anajambula ku Gine. Ife sitinkamva kanthu. Ndinkangoona nkhope yawo. Pa wailesi ng'oma zija zinkafika zitatopa ndi ulendo. Apa zinali m'mutu mwawo mwenimweni. Zala zawo, kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, zinaima.

Atavula, anafunsa funso limodzi kudzera mwa kalaliki: chikopa chanji?

Mzunguyo anati cha mbuzi, chometa, chokokedwa kwambiri.

M'mawa mwake ndinadzuka tonde wanga atamangidwa pa mtengo. Anali tonde amene amalume anandipatsa pobwera kuno. Ndisanafunse, mpeni unali utadutsa. Ndipo nditalowa m'nyumba ndinapeza ng'oma ili pakamwa yasa. Chikopa cha bambo awo sanachizule bwinobwino pa zikhomo kuti mwina n'kudzachibwezera. Anachicheka mozungulira, nachiponya kuseri kwa chitseko ndi phula lake lomwe.

ALungu anamva, nabwera akuthamanga, bulangete lili m'mapewa.

"Mlamu, mwachita chiyani?"

"Ndikukonzekera alendo."

"Alendo anamva ng'oma dzulo. Anagwada. Munkafunanso agone pansi?"

"Anagwada chifukwa cha ulemu. Inu simunamve zimene ndinamva ine. Ng'oma za anzathu zimalankhula. Iyi imangobuula ngati ng'ombe yodwala. Ikafika kumeneko adzatiseka."

"Nanga chikopa chiuma ndi dzuwa liti? Tayang'anani kumwamba. Inu nomwe mumatiphunzitsa kuti ng'oma amakunga m'chilimwe."

"Mbuzi sichedwa."

"Ndapota, mlamu. Ng'oma iyi ndi ya vimbuza, si ya ndege."

"Mbwenu khalani ndi yanu ya basi."

Ankadziwa. Ichi ndicho chimandipweteka mpaka lero. Panalibe munthu m'dera lonse lino wodziwa za zikopa kuposa iwo. Mwana wina akanachita zimenezi akanamutukwana. Koma m'makutu mwawo munali mutalowa matalala aja, ndipo sankamvanso china.

Anachimeta chikopa cha tonde chija, nachikunga chili chachiwisi, nachikoka mpaka zikhomo zinalira. Dzuwa silinatuluke. Anaipachika ng'oma m'khitchini pamwamba pa moto, ndipo ine ndinkaphika ndikuwerama pansi pake, mafuta akudontha. Inayamba kununkha. Agalu a mudzi wonse anasamukira pakhomo pathu. M'mawa uliwonse ankaitsitsa, n'kuigunda ndi chala, n'kuibwezera.

Tsiku litafika, bwalo linadzaza. Tcheyamani anali atasonkhanitsa amayi onse, titavala nsalu za chipani. Mzungu anaimika ndodo yake yojambulira pakati. ANyirongo anatuluka atavala jekete la ukwati, ng'oma ili paphewa, nayatsa udzu kuti aiwambe. Anaigunda. Inalira ngati munthu wamenya thumba lonyowa. Anaiyandikizanso ku moto. ALungu anati motsitsa, "Basi, mlamu, yakwana." Anaiyandikizabe. M'mphepete munauma msanga, pakati pali pachiwisi, ndipo tonse tinamva kuphulika. Chikopa chinang'ambika kuchokera pa chikhomo kufika pakati.

Palibe anaseka. Kukanakhala bwino wina akanaseka.

Mzunguyo analankhula ndi kalaliki, ndipo kalaliki anazengereza asanamasulire. Anati, "Akufunsa kuti ng'oma ija ya tsiku lija ili kuti."

ALungu anati, "Ndi yomweyi."

Kalaliki anamasulira, namvetsera yankho, nayang'ana nsapato zake. "Akuti zolira mokwera ali nazo kale zambiri. Anabwerera ija yolira pansi. Akuti yotero sanaimvepo kwina kulikonse."

ALungu anali ndi ng'oma ina yaikulupo kunyumba kwawo. Anatuma munthu kukaitenga, naiika pamaso pa aNyirongo. "Imbani iyi. Manja ndi anu omwewo. Ine nditsatira ngati kale."

Ndinapemphera mumtima kuti avomere. Anayang'ana ng'omayo, nayang'ana anthu, nati iwo sangapite ku Ulaya atavala buluku lobwereka. Anakakhala pa chitsa m'mphepete mwa bwalo, ng'oma yong'ambika ili pakati pa miyendo.

Tcheyamani anali atatopa. Analamula kuti aLungu aimbe, tiyambe ndi nyimbo ya chipani, kenako mlendo apatsidwe zakale zimene akufuna. Ndipo anati, "NyaPhiri, yambitsani." Masiku amenewo tcheyamani sankakanidwa. Ndinayang'ana amuna anga, iwo akuyang'ana chibowo cha pa ng'oma. Ndinayambitsa. Ndinaimba mmene ndimaimbira nthawi zonse, chifukwa njira ina yoimbira sindiidziwa.

Nyama ya tonde tinadya sabata yonse osayankhulana. Kutatentha, mu Okutobala, anakunga chikopa cha ng'ombe mwa dongosolo lake, nayambanso kumata phula. Anthu ankati yabwerera mwakale. Iwo ankati ayi, mawu a bambo awo anapita. Anaimbabe zaka zambiri, anachiritsa ambiri. Galimoto iliyonse yachilendo ikaima pa msewu ankatuluka kukaima pakhomo, n'kumakonza kolala. Sikunabwerenso wina.

Wailesi sanaisiye. Tsopano ankaimvetsera ngati munthu woyembekeza uthenga wa maliro. A ku Mali ndi a ku Senegal ankangochulukira, maina atsopano, nyumba zazikulu zatsopano, m'manja momwemo. Panapita zaka, Tiwonge anakwatiwa. Lamulungu lina masana ndinkasola mtedza pakhonde ndikuwauza za denga la khola. Mkazi mnzanga uja anali atangomaliza kuimba. Mzungu wa pa wailesi analankhula, ndipo pakati pa Chizungu chakecho ndinamva dzina la dziko lathu. Kenako ng'oma. ANyirongo anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Ndinakhala chete. Mawu a mkazi analowa, aang'ono, akutali, ndipo ndinatenga kanthawi ndisanazindikire kuti ndine.

Sizinatalike. Mphepo inabwera n'kuzitenga, n'kuzibweza, kenako mzungu uja anapitiriza zina. Dzanja lawo linakhalabe m'mwamba nyimbo itatha kale. Atalitsitsa anati, "Mwafika ku Mangalande, NyaPhiri, inu amene simunafike ndi ku Mzuzu komwe." Kenako anaonjeza kuti, "Ndipo mwapita ndi mlamu."

Anandiletsa kuuza munthu. Anati zikamveka kuti timamvera wailesi zakunja tidzaitanidwa ku ofesi ya chipani. Zinali zoona, koma sichinali chifukwa chake. ALungu analibe wailesi. Ankabwera pakhomo pathu pafupifupi tsiku lililonse, kunyozana, kupempha fodya, kupita limodzi ku vimbuza, osadziwa kuti ng'oma yawo inaoloka nyanja. Nthawi zina ankafunsa okha kuti kaya mzungu uja anazitaya kuti nyimbo zathu. ANyirongo ankayankha kuti mwina anakulungira nsomba. Ine ndinkalowa m'khitchini.

Zinakhala choncho mpaka aLungu anadwala miyendo yotupa, nagonekedwa ku chipatala cha mishoni ku Embangweni. Mlamu wanga, mkazi wawo, anatumiza mawu kuti amene akufuna kuwaona abwere tsopano. Tinapita pa ngolo. Njira yonse zala za aNyirongo zinkagunda pa thabwa.

ALungu anali ataonda kumaso, koma pakamwa panali pomwepo. "Mwabwera kudzaona ngati ndafa, mlamu?"

"Ndabwera kudzakuuzani kuti mumathamanga."

"Pano? Ndi miyendo iyi?"

"Pa nyimbo ya mzungu ija. Munalowa NyaPhiri asanamalize mawu. Ndi ku Mangalande komwe munkathamangabe. Ndinakumvani pa wailesi."

ALungu anafunsa kuti, "Liti?"

"Kale."

"Kale liti?"

"Tiwonge atangokwatiwa."

Anatembenukira kwa ine. "NyaPhiri, munthu uyu akunama?"

Ndinati, "Yayi, alamu. Ndinamva ndi makutu anga. Inali ng'oma yanu."

Anatseka maso. Ndinkayembekeza kuti atukwana, ndipo akanakhala ndi chifukwa. Atatsegula anafunsa motsitsa, ngati mwana, "Anaomba m'manja?"

Apa munthu wina akananama. Kunama kwake kukanakhala kwa chifundo, ndipo palibe akanadziwa. ANyirongo anakonza chipewa pa bondo nati, "Sanaombe. Mwina ankadikira mwini ng'oma."

ALungu anaseka mpaka kutsokomola, mpaka namwino anabwera kudzatiyang'ana. Anagwira dzanja la mlamu wawo nati, "Mfiti iwe. Yewo chomene." Pofika madzulo odwala onse a m'chipindamo anali atamva kuti agonekedwa limodzi ndi munthu amene anaimba ku Mangalande. Anamwalira sabata yomweyo. Pa manda, mphwawo polankhula anatchula kuti ng'oma ya malemuwa inamveka kutsidya kwa nyanja, ndipo anthu anang'ung'udza mogoma. ANyirongo anakhala pamenepo mutu uli pansi, akulira zenizeni. Pobwerera, tili awiri panjira, anati akanadziwa kuti zikafika mpaka pa manda sakananena.

Ameneyo ndiye munthu amene ndinakhala naye. Sindikudziwa ngati ndinene kuti anali wabwino kapena woipa. Ankadzuka pa mphasa ya malungo kukaimbira mkazi wa munthu amene anamudula mu mpingo. Anabisira mnzake wapamtima chinthu chokhacho chimene chikanamusangalatsa, n'kudzamupatsa nthawi itatha, ndiponso mochitukwana.

Ndipo nsanje yawo anandisiyira ine, ngati mmene munthu amasiyira mnzake khasu. Mlamu wanga, mkazi wa aLungu, akadali moyo. Amauza mlendo aliyense kuti amuna ake akumvekabe kunja. Sakunama. Kwinakwake m'dziko lozizira muli bokosi, ndipo wina akalitsegula aLungu amayamba kuthamanga, ine n'kumawatsatira ndi mawu a utsikana. Masiku ano adzukulu akabwera kuchokera m'tauni amakhala ndi makaseti a anthu a ku Mali omwe aja, ndipo amati dziko lonse likuwadziwa. Sindikana, amaimba bwino. Koma ndimatuluka panja. Amene ankaposa onse m'dera lino, amene mzungu anamugwadira, alibe bokosi. Tatsala ochepa amene tinamva mmene ng'oma ija inkalirira isanachekedwe, ndipo tikayesa kufotokoza timangoti inkalira pansi.

Maliro a amuna anga atatha, ana a achimwene awo anagawana katundu monga mwa mwambo wa kuno. Njinga inapita ku Champhira. Ng'oma anaikweza pa lole ya matabwa kupita nayo ku Mzimba, akuti ikathandiza ana a sukulu pa magule. Sindinatsutse. M'chipinda chathu, pangodya ya kumutu kwa bedi, pamene inkaima zaka zonsezo, patsala dzenje lozungulira losaya, ndi chizindikiro chakuda pakhoma pamene inkatsamira. Ndazira pansi kangapo chichokereni, koma dothi likauma mkombero uja umaonekanso. Ndinayesa kuikapo mtsuko, sunakhazikike, ndi waung'ono. Nkhuku ina yapazindikira ndipo imafuna kuikirapo mazira, ndimaithamangitsa. Dzulo posesa ndinagwada pamenepo, ndinamenya pakati pake ndi chikhatho mmene iwo ankayambira. Kunangodzuka fumbi.